Adalira chikho chili m'manja

Lero titengane tipite kubwalo la zamasewero, pakuti nakonso kuli ana a Mulungu, ndipo zimene zimawagwera kumeneko n'zomwezo zimatigwera ife m'makomo mwathu. Amene muli ndi Baibulo pafupi, mukamaliza nkhaniyi mukawerenge 1 Mafumu mutu 18 ndi 19, komanso Yeremiya mutu 29.

Kumapeto kwa mwezi wa Julayi m'chaka cha 2019, mnyamata wina wa zaka 30 adaimirira pamaso pa khamu la Akhristu m'dziko la Taiwan kuti apereke umboni. Anthu adabwera akuyembekezera nkhani yachisangalalo, poti padali patangotha mwezi ndi theka timu yake ya Toronto Raptors itatenga chikho cha NBA, ligi yaikulu kuposa maligi onse a basketball padziko lapansi. Koma ali mkati molankhula mawu adamuthera, adazolika mutu n'kuyamba kulira. Adaulula kuti kontirakiti yake yatha, palibe timu imene ikumufuna, ndipo akuona ngati NBA yamutaya. Adanenanso kuti nthawi iliyonse akaganiza kuti wafika pansi pa dzenje, amapeza kuti dzenjelo likupitirirabe.

Mnyamatayo dzina lake ndi Jeremy Lin. Patangotha mwezi umodzi adasaina kontirakiti ndi timu ya ku China, ndipo sadasewerenso mu NBA mpaka pamene adapuma pantchitoyi m'chaka cha 2025. Funso limene tikufuna tilingalire limodzi n'lakuti: munthu wokhulupirira amatani pamene chinthu chimene wachipempherera, wachikhetsera thukuta, mwinanso wachilawa kale, chamuchokera osabweranso?

Mwana amene sankamuwerengera

Kwa amene masewerowa ndi achilendo, basketball imafananako ndi ntchemberembaye, kungoti timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu m'bwalo, ndipo wosewera amaloledwa kuthamanga ndi mpira malinga ngati akuunjanjitsa pansi. Mpira ukalowa m'goli amawerenga mapointsi awiri, kapena atatu ngati waponyedwa kuchokera patali. Lin ankasewera malo a woyendetsa timu, amene amanyamula mpira n'kumagawira anzake.

Iye adabadwa pa 23 Ogasiti 1988 mumzinda wa Torrance, m'chigawo cha California ku America, ndipo adakulira ku Palo Alto. Makolo ake adachokera ku Taiwan m'zaka za m'ma 1970. Lidali banja lopemphera, lolemekeza sukulu. Bambo ake adaikonda basketball pongoonera pa kanema, ndipo ankatenga ana awo aamuna atatu kupita nawo kubwalo la YMCA kukawaphunzitsa kaponyedwe ka mpira.

M'chaka chake chomaliza kusekondale, mu 2006, Lin adatsogolera timu ya Palo Alto High School imene idapambana masewero 32 n'kugonja kamodzi kokha. Kumapeto adagonjetsa sukulu yoopedwa ya Mater Dei ndi mapointsi 51 kwa 47, n'kutenga chikho cha California yense m'gulu lawo. Ku America mnyamata wotere mayunivesite amachita kumulimbirana, kumulipirira fizi kuti aziwasewerera. Lin adatumiza makalata ndi zithunzi za kanema zoonetsa luso lake, koma palibe yunivesite ya m'gulu lapamwamba imene idamupatsa thandizolo, ngakhale Stanford yomwe ili tsidya la msewu kuchokera pasukulu yakeyo. Iye mwini adanenapo pambuyo pake kuti maonekedwe ake adali chopinga, poti anthu sadazolowere kuona mnyamata wa makolo a ku Asia akuchita bwino pamasewerowa.

Adapita ku Harvard, sukulu yotchuka ndi nzeru za m'kalasi osati basketball, yomwenso silipirira munthu fizi chifukwa cha masewero. Kumeneko adasewera zaka zinayi. Akapita kukasewera m'mabwalo a eni, ochemerera ena ankamukuwiza ndi mawu a tsankho. Pakati pa sabata ankathandiza kutsogolera kagulu ka ophunzira anzake kowerenga Mawu a Mulungu. Adamaliza mu 2010 ndi digiri ya zachuma.

Chaka chilichonse matimu 30 a NBA amasankha anyamata 60 okha pamwambo wotchedwa draft. Mu 2010 mayina onse 60 adaitanidwa, la Lin osamveka. Timu ya Dallas Mavericks idamupatsa mwayi wosewera nawo mpikisano woyeserera, ndipo atachita bwino polimbana ndi John Wall, amene adasankhidwa koyambirira chaka chimenecho, timu yakwawo ya Golden State Warriors idamulemba. Adakhala munthu woyamba wobadwira ku America mwa makolo a ku China kapena Taiwan kusewera mu NBA. Komabe chaka choyambacho adathera pabenchi. Adalowa m'masewero 29 okha, ndipo katatu konse adamutsitsira ku ligi yaing'ono yosulirako osewera.

Mwezi wa Disembala 2011 udali wowawa. Pa 9 Warriors idamuchotsa. Houston Rockets idamutola, nayonso n'kumuchotsa pa 24, kukucha kuti mawa ndi Khirisimasi. Pa 27 New York Knicks idamutenga kuti angotseka mpata wa osewera ovulala. Posadziwa kuti akhalako masiku angati, sadachite lendi nyumba. Ankagona pasofa kwa mkulu wake mumzinda wa New York.

Milungu imene dziko lidamudziwa

Pofika pa 4 Febuluwale 2012, timu ya Knicks idali itapambana masewero 8 n'kugonja 15. Padali patatsala masiku ochepa kuti akuluakulu a timuyo agamule ngati amusunge Lin kapena amuchotse. Usiku woti mawa lake asewera ndi New Jersey Nets, iye adagona pasofa kwa mnzake wa m'timu, Landry Fields. Tsikulo mphunzitsi Mike D'Antoni, atasowa pogwira, adamulowetsa. Lin adamwetsa mapointsi 25 ndipo Knicks idapambana 99 kwa 92.

Anthu adati wangochita mwayi. Koma pa 10 Febuluwale, m'bwalo la Madison Square Garden, adamwetsa mapointsi 38 polimbana ndi Los Angeles Lakers, kuposa katswiri Kobe Bryant amene adamwetsa 34. Pa 14 Febuluwale ku Toronto, matimu ali ofanana mphamvu ndipo kutatsala kamphindi kosakwana sekondi imodzi, adaponya mpira wa mapointsi atatu n'kulowa, Knicks n'kupambana 90 kwa 87. Timuyo idapambana masewero asanu ndi awiri motsatizana. Atolankhani adapeka liwu lakuti Linsanity, posakaniza dzina lake ndi liwu la Chingerezi lotanthauza misala. Magazini ya Sports Illustrated idaika nkhope yake pachikuto milungu iwiri yotsatizana, ndipo ya Time idamuika pamndandanda wa anthu 100 odziwika kwambiri chaka chimenecho. Ku Taiwan ndi ku China anthu ankalawirira mamawa kuti amuonere pa kanema.

Akhristu ambiri adakondwera naye chifukwa sankabisa chikhulupiriro chake. Asanayambe masewero, iye ndi Fields ankapatsana moni wachilendo, ngati akutsegula buku ndi manja, kenaka n'kuloza kumwamba. Akafunsidwa ndi atolankhani ankathokoza Mulungu ndi anzake a m'timu. Alaliki ambiri adaitenga nkhani yake kupita nayo paguwa: taonani wogona pasofa lero wasanduka mfumu.

Ife tikuti nkhaniyo ikadathera pamenepo bwezi ili yokoma kuimva koma yosathandiza kwenikweni, chifukwa moyo wa munthu suthera pa tsiku la nthungululu. Akulu adati chuma ndi mchira wa khoswe, suchedwa kupululuka, ndipo kutchuka nakonso n'chimodzimodzi. Pakati pa mwezi wa Malichi D'Antoni adatula pansi udindo. Kumapeto kwa mwezi womwewo Lin adavulala bondo, madokotala n'kumuchita opaleshoni. Nyengo yonse ya Linsanity siidakwane ndi miyezi iwiri yomwe.

Katundu wa dzina

Mu Julayi 2012 Houston Rockets, timu yomwe ija idamuchotsa pa Khirisimasi, idamupatsa kontirakiti ya zaka zitatu ya madola 25 miliyoni, ndipo Knicks idamulola kupita. Umphawi udatha, koma mtendere sudabwere. Timuyo idagula katswiri wina, James Harden, amene ankakhala ndi mpira nthawi zambiri, ndipo m'chaka chachiwiri Lin adayamba kukhala pabenchi. Mu 2013 adauza achinyamata pamsonkhano wachikhristu ku Taipei kuti adafika posowa tulo ndi chilakolako cha chakudya pofunitsitsa kubwereza zimene adachita ku New York, ndipo kuti adazindikira kuti wayamba kudziyeza ndi mapointsi, kuiwala kuti ndi mwana wa Mulungu.

Kuchokera apo adakhala woyendayenda. Mu 2014 adapita ku Los Angeles Lakers, mu 2015 ku Charlotte Hornets, kumene adachita bwino ndithu. Mu 2016 Brooklyn Nets idamupatsa kontirakiti ya zaka zitatu ya madola 36 miliyoni kuti akhale mtsogoleri wa timu, mwayi umene adaudikira nthawi yaitali. Chaka choyamba mnofu wa m'ntchafu udamuvuta, n'kusewera masewero 36 okha pa 82. Chaka chachiwiri, pa 18 Okutobala 2017, m'masewero otsegulira ligi ndi Indiana Pacers, adalumpha n'kutera molakwika, mtsempha wa bondo lakumanja n'kuduka. Amene adaonera akukumbukira nkhope yake ali pansi, atagwira bondolo, misozi ili chuchuchu. Chaka chonsecho chidapita.

Atachira adamugulitsa ku Atlanta Hawks mu 2018, ndipo mu Febuluwale 2019 adalowa Toronto Raptors. Pa 13 Juni 2019 Raptors idagonjetsa Golden State Warriors n'kutenga chikho, ndipo Lin adakhala munthu woyamba wa ku America wa makolo a ku Asia kupambana chikho cha NBA. Koma m'masewero onse asanu ndi limodzi a ndime yomaliza, iye adalowa m'bwalo kamodzi, kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Adavala nawo mphete yaulemu, koma mumtima ankadzifunsa ngati adali woyenera. Zaka zisanu ndi zinayi, matimu asanu ndi atatu, masewero 480: apa ndi pamene padathera ulendo wake wa mu NBA, ndipo apa ndi pamene padachokera misozi ija.

Mlendo konsekonse

Kumapeto kwa Ogasiti 2019 adasaina ndi Beijing Ducks ya mu ligi ya CBA ku China. Tisaganize kuti kudali kubwerera kwawo. Lin adabadwira ndi kukulira ku America. Kumeneko ena ankamuona ngati mlendo chifukwa cha nkhope yake, pamene ku China malamulo a ligi adamuwerenga ngati wosewera wakunja. Malo a osewera akunja m'matimu a kumeneko ndi owerengeka, ndipo timu imayembekezera kuti mlendo amene yamulipira ndalama zambiri ndiye asenze katundu wolemera. Akafooka, sachedwa kuitana wina.

Lin adagwira ntchito. Ankamwetsa mapointsi oposa 20 pamasewero, adasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligiyo, ndipo ngakhale mliri wa Covid-19 udaimitsa masewero kwa miyezi ingapo mu 2020, adafikitsa timu yake m'ndime yachiwiri kwa yomaliza, kumene idagonja kwa Guangdong. M'chaka chomwecho cha mliri adapereka ndalama zambiri zothandizira ovutika.

Komabe mtima udali udakali ku NBA. Kumayambiriro kwa 2021, ali ndi zaka 32, adasiya malipiro apamwamba a ku China n'kulowa timu ya Santa Cruz Warriors mu ligi yaing'ono ija adaseweramo ali mnyamata, kuti matimu a NBA amuone. Adasewera bwino, kumwetsa mapointsi pafupifupi 20 pamasewero. Nthawi yomweyo adaulula kuti wosewera wina adamutchula dzina la kachilombo ka mliriwo ali m'bwalo, ndipo adalankhula poyera za nkhanza zimene anthu a makolo a ku Asia ankachitiridwa ku America masiku amenewo. Anzake ena a mu ligi yaing'onoyo adaitanidwa ku NBA. Iye foni siidalire. Mu Meyi 2021 adalemba uthenga wovomereza kuti mwayiwo sudabwere ngakhale adachita mbali yake yonse.

Adabwerera ku Beijing, ndipo atangofika m'dzikolo adapezeka ndi Covid-19. Mu 2022 adasamukira ku Guangzhou Loong Lions, kumene zinthu sizidayende. Ankasewera mwa apo ndi apo, ndipo mu Disembala ligi idamulipiritsa chindapusa cha mayuan 10,000 chifukwa chodandaula poyera za malo amene osewera ankabindikiritsidwa poopa mliri. Mwezi womwewo adachoka.

Mu Januwale 2023 adafika ku Taiwan, kwawo kwa makolo ake, n'kulowa timu ya Kaohsiung Steelers. Ligi ya kumeneko ndi yaing'ono poyerekeza ndi NBA ngakhalenso CBA, koma anthu ankadzaza mabwalo kuti amuone. Mu Seputembala chaka chomwecho adasamukira ku New Taipei Kings, kumene mng'ono wake Joseph Lin ankasewera kale. Ana awiri amene bambo awo ankapita nawo ku YMCA tsopano adavala yunifolomu imodzi. Mu 2024 adatenga limodzi chikho cha P. League+. Mu 2025 adatenganso chikho cha ligi yatsopano ya TPBL, ndipo Jeremy adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Ulendo uno sadali pabenchi, adali m'bwalo mpaka kumapeto. Kumapeto kwa Ogasiti 2025, ali ndi zaka 37, adalengeza kuti wapuma patatha zaka 15 akusewera mpira wolipidwa.

Kodi wachuma amalira chiyani?

Mwina wina akuti: inu olemba, mukutiuza za munthu wa mamiliyoni, ife tikusowa ndi ya sopo yomwe. N'zoona, ndipo ena adamunyozadi motero pamene kanema ya kulira kwake idafalikira. Sitikufanizira mavuto ake ndi a mayi wamasiye amene sakudziwa kuti ana adya chiyani madzulo ano. Iye mwini sadanene kuti ali ndi njala. Sitikumuyesanso woyera mtima, ndi munthu ngati ife, wolakwa ndi wofooka. Koma chimene chidamuliritsa tonse timachidziwa: kumva kuti sakukufunanso pamalo pamene udathira mtima wako wonse. Ululu umenewu ndalama siziuchiza. Amaumva mphunzitsi amene wapumitsidwa ntchito mphamvu akadali nazo, mkulu wa mpingo amene sadasankhidwenso, wamalonda amene makasitomala ake asamukira kwa wina, mwana amene adakhoza bwino koma dzina lake silidatuluke.

Buku la 1 Mafumu likutionetsa mneneri Eliya ali m'dzenje lomwelo. Pa phiri la Karimeli adaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto udatsika, mvula idagwa patatha zaka za chilala. Sipadapite nthawi, uthenga umodzi woopseza wochokera kwa Yezebeli udamuthawitsira kuchipululu, kumene adakhala pansi pa mtengo n'kupempha imfa. Taonani mmene Mulungu adachitira naye. Sadamudzudzule kuti mneneri wamkulu salira. Adamulola kugona, adamutumizira mkate ndi madzi kawiri konse, kenaka adamuyendetsa mpaka ku Horebu. Kumeneko adamumvetsera, adamukumbutsa kuti alipo ena 7,000 okhulupirika, ndipo adamupatsa ntchito ina, kuphatikizapo kudzoza Elisa woti adzalowe m'malo mwake. Moto wa pa Karimeli sudali chiyambi cha chikondi cha Mulungu pa Eliya, ndipo misozi ya m'chipululu siidali mathero ake.

Apa pali phunziro loyamba kwa ife a mumpingo. Maumboni athu ambiri ndi a zinthu zimene zatheka kale: ndidadwala ndachira, ndidasowa ntchito ndaipeza. Ndi bwino, tiyeni tizithokoza. Koma kodi m'mapemphero athu muli malo a munthu amene nkhani yake ikadali pakati? Lin adaimirira pamaso pa anthu asakudziwa kumene alowere, ndipo adanena zoona. Chikhulupiriro chimene chimangolankhula zinthu zikakoma n'chosakhwima. M'nyumba zathu muli abambo amene akumwalira ndi nkhawa chamumtima chifukwa adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Tiyeni tiwapatse mpata wolankhula, ndipo akalankhula tisathamangire kuwaponyera mavesi tisanawamvetsere.

Kumanga nyumba ku Babulo

Phunziro lachiwiri likuchokera m'kalata ya Yeremiya kwa Ayuda amene adatengedwa ukapolo ku Babulo. Padali aneneri ena amene ankawanamiza kuti abwerera kwawo posachedwa. Yeremiya adawauza zowawa, kuti papita zaka 70, choncho asakhale ndi katundu m'manja ngati anthu odikira basi. Adawalangiza kuti akhazikike, alime, akwatire ndi kukwatiwa, ndipo aufunire zabwino mzinda umene akukhalamo. Ambiri timakonda vesi 11 ya mutu umenewu, yonena za tsogolo labwino, koma timaiwala kuti ambiri mwa amene adaimva koyamba adafera ku Babulo komweko. Lonjezo lidali loona, kungoti silidabwere m'njira imene iwo ankafuna.

Lin adalimbana nazo zimenezi kwa zaka ziwiri, thupi lili ku Beijing mtima uli ku America. Sitikumuimba mlandu poyesanso mu 2021. Kugogoda kachiwiri si tchimo, ndipo paja amati sunga khosi mkanda woyera udzavala. Koma imafika nthawi yoti munthu avomere yankho limene wapatsidwa n'kuyamba kulima pamene waima. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Akadakhala ku California n'kumadikira foni imene siidalire, sakadasewera timu imodzi ndi mng'ono wake, ndipo ana a ku Taiwan amene ankangomuonera pa kanema sakadamuona ndi maso.

Mtumwi Paulo naye, monga tiwerenga pa Machitidwe mutu 16, adafuna kulowa ku Bituniya koma Mzimu sudamulole. Adatsikira ku Trowa, komwe sikudali m'malingaliro ake, ndipo kuchokera kumeneko adaolokera ku Makedoniya. Mpingo wa ku Filipi, umene udayambira m'mbali mwa mtsinje ndi mayi Lidiya, udabadwa chifukwa cha ulendo umene udalephereka.

Koma pano tichenjere. Tisanene kuti zikho za ku Taiwan ndiwo umboni wakuti Mulungu adali naye, ngati kuti akadagonja ndiye kuti adasiyidwa. Alipo osewera ambirimbiri opemphera amene adachoka mu NBA kupita ku Ulaya kapena ku Asia, n'kuvulala, n'kubwerera kwawo popanda wowaimbira m'manja. Mulungu adali nawonso. Lin adali mwana wa Mulungu pasofa paja, adali mwana wa Mulungu ku Madison Square Garden, ndipo adali mwana wa Mulungu yemweyo atagona pansi ndi bondo loduka. Chimene chidasintha ndi malo ndi chiwerengero cha oonera. Ngati mtengo wa munthu timaupima ndi mapointsi, malipiro kapena mpando, ndiye kuti tsiku limene zimenezi zidzachoke munthuyo adzatha nazo limodzi.

Kwa inu makolo

Phunziro lachitatu n'la m'banja. Pamene dziko lonse linkamukana, Lin adali ndi pogona kwa mkulu wake. Pamene NBA idamuiwala, adapeza mng'ono wake akumudikira. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja ambiri lero ali ndi mwana amene adapita kutali kukafuna ntchito kapena maphunziro. Tikamuimbira foni, funso lathu loyamba limakhala lotani? Kodi timafunsa za moyo wake, za kumene akupemphera, za anzake amene akucheza nawo, kapena timangofunsa kuti atumiza liti? Ana ena akuvutika kunjako koma akuopa kunena, chifukwa kumudzi adatchuka kale kuti zawo zidayera. Ena akufuna kubwerera koma manyazi awamanga miyendo. Mwana wanu adziwe kuti ngakhale atabwera chimanjamanja, mphasa yake ilipo.

Ndipo inu amene mwana wanu sadapite kusukulu imene mumafuna, kapena wapeza ntchito yotsika poyerekeza ndi maphunziro ake, musamutche wolephera. Anthu ambiri adaona kupita kwa Lin ku China ngati kugwa, ndipo pa muyeso wa dziko kudalidi kutsika. Koma ntchito yogwiridwa mokhulupirika pamalo aang'ono si yaing'ono pamaso pa Mulungu. Iye safunsa kuti udasewera mu ligi iti, amafunsa kuti udachita nazo chiyani zimene udapatsidwa.

Okondedwa, mwina mukuwerenga tsamba lino muli pansi pa mtengo ngati Eliya, kalata yokuchotsani ntchito ili m'thumba, kapena mukudikira foni imene yakhala chete miyezi yambiri. Lirani ngati misozi ikubwera, palibe tchimo pamenepo. Uzani munthu mmodzi wokhulupirika zimene zili kukhosi. Idyani, gonani, ndipo mukadzuka funsani Ambuye kuti ntchito imene ili pafupi nanu lero ndi iti, ngakhale isakhale imene mudailota.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wachifundo, Inu mukudziwa onse amene akanidwa, onse amene ali m'mayiko a eni, ndi onse amene akumwetulira pagulu koma akulira kuchipinda. Akumbutseni kuti mudawakonda asanapambane kalikonse. Tipatseni mtima wopirira pamene mukuti tidikire, ndi mtima wovomera pamene mukuti tisamuke. Mabanja athu ndi mipingo yathu ikhale malo amene wotopa angapumulirepo. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Ambuye akusungeni mpaka tidzakumanenso patsamba lomwe lino.